Nyumba M'kati mwa Nyumba

Kompyuta ya a Fwasani inafa Lachiwiri,
miyezi isanu ndi inayi chiwaikireni eni ake ku Ekwendeni.
Inangotsokomola kamodzi, kafungo ka waya wopserera, basi.
M'mimba mwake munali sitolo yathu yonse:
misomali, malata, utoto wa padenga,
ndi mayina a onse amene anati tidzapereka mwezi ukatha.

Mwana anatumiza ina kuchokera ku Joni,
yopyapyala ngati buku la nyimbo.
Ndinaikamo pulogalamu ya maakaunti ija.
Inakana.
Ndinadinanso. Inangondiyang'ana.

Gomezgani wa kuseri kwa msika wa Taifa,
amene kashopu kake kamadontha pakona,
anapukuta magalasi ndi malaya nati:
"Mama, pulogalamu iyi inabadwira mu Windozi,
makina awa ndi a Linakisi.
Ikapempha madzi, eni nyumba sakumva."
"Ndiye zatha?"
"Ayi. Tiinamiza."

Kunja kunkawaza kamvula ka ku Mzuzu,
kaja kosadziwa kalendala.
Ndinakhala pa kreti, manja m'khwapa,
kumuonerera akumanga nyumba m'kati mwa nyumba.
Anapatulako memore pang'ono, ngati ufa wa mlendo.
Anaika khomo pamene khomo linkakhala,
zenera pamene zenera linkakhala.
Magetsi anathima kawiri,
kawiri konse anayambiranso akuimba mluzu.

Kenako kanyimbo kaja,
kamene kankalira m'sitolo sikisi koloko m'mawa
a Fwasani asanavule n'komwe jekete.
Kaphiri kobiriwira kaja pagalasi.
Pulogalamu inasuzumira,
inaona mipando ili m'malo mwake, inalowa,
n'kulemba monga mwa masiku onse:
Takulandirani, Fwasani.

Sikudziwa.
Palibe anaiuza za wodi ya amuna ku Sentulo,
za lole imene inatitimira m'matope ndi bokosi.
Sikudziwanso kuti makoma ake ndi ongojambula,
kuti pansi pa simenti imene yapondapo
pali simenti ina, ya eni ake.

"Tisinthe dzinali?" anafunsa Gomezgani.
Ndinati, yambani mwaona za pirinta.
Pirinta inavuta mpaka madzulo,
mawu ankasochera pakati pa makomo awiriwo.

Ine ndinafika kuno pa basi ya usiku kuchokera ku Ntcheu,
zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri zapitazo.
Apongozi akati mwawuka uli,
ndinkayamba ndatembenuza m'mutu,
yankho n'kufika iwo atalowa kale m'khitchini,
ngati kamuvi aka kamene kamatsalira dzanja litapita.
Usiku a Fwasani ankatseka chitseko
n'kundiyankhula Chichewa chawo chopindikapindika,
cha ndebvu za Chitumbuka,
kufunsa za mbatata ya ku Tsangano imene sanalimepo.
Ndinkadziwa kuti si kwathu.
Koma ndinkagona.

Mpaka lero ndimagulitsa m'Chitumbuka,
kukangana ndi akalipentala a ku Luwinga m'Chitumbuka,
koma hamala ikandiphwanya chala
amene amakuwa mayo ine ndi mtsikana wa ku Ntcheu uja.

Ndinalipira Gomezgani, anakana ya pirinta.
Ndinakulunga makinawo m'jumbo, jumbo m'chitenje,
wa kabaza anandikweza mpaka ku Chibavi
akuzemba zithaphwi.

Tsopano m'mawa uliwonse ndimayatsa kawiri:
kudzutsa mwini nyumba, kudikira,
kenako kugogoda kuchipinda kwa mlendo.
Amachedwa. Fani imapuma mwaphuma ngati yakwera chitunda cha ku Katoto.
Koma zonse zilimo.
A Chavula akadali ndi ngongole ya matumba khumi ndi awiri a simenti,
ndipo pambali pake pali mawu amene sindinkawadziwa:
musawakakamize, mkazi wawo akudwala.

Dzina lija sindinasinthe.
Gomezgani akuti n'kudina kuwiri kokha.
Ndinamuuza kuti ndidzabwera mvula ikadzakata.
Anaseka. Iyenso ndi wa konkuno.