Kiyi Wopanda Chitseko

Magetsi athimanso kuno ku Bangula.
Ndikuchongera pakhonde, tochi ya foni ili kukamwa,
udzudzu wa kudambo ukundinong'oneza malikisi.
Mwezi uno nthaka imapuma moto ngakhale usiku.

Buku lake ndi limodzi, ana sikisite.
Chikuto chinapita chaka chomwe Ruo anasiya njira yake,
masamba omaliza chiswe chinawerenga chokha
osatiuza mathero.

Nkhani yake nayi:
dziko lina lopanda dzina, nthawi yam'tsogolo,
boma linazula zitseko zonse m'nyumba za akazi.
Linati mkazi wabwino alibe chobisa.
Zitsekozo anaziunjika pabwalo la mpira,
mkulu wa asilikali n'kukhala pamwamba pake
kumawerenga mimba ngati mabelo a thonje.
Mpangankhani wamkulu, mayi wosoka zovala,
anasunga kiyi m'mpendero wa chitenje
zaka khumi ndi chimodzi.

Funso lachitatu: Kodi kiyi akuphiphiritsa chiyani?
Pepala la mayankho likuti: ufulu. Malikisi awiri.
Ndachonga ufulu makumi anayi,
wina walemba ufuru, ndamupatsabe.

Kenaka Chanazi Alufandika,
wa kuseri kuja, pafupi ndi zenera losweka,
amene sakweza mkono ngakhale udziwe kuti akudziwa.
Zilembo zake zing'onozing'ono ngati nthanga za mapira:

"Madamu, kiyi si ufulu.
Kiyi wopanda chitseko ndi kachitsulo chabe.
Ndiponso wolemba akunama kuti nkhaniyi ndi yam'tsogolo.
Madzi atatithamangitsa ku Makhanga
tinagona m'kalasi akazi makumi atatu,
chitseko anali atachita nkhuni.
Bambo wa kaundula wa ufa ankalowa wopanda odi,
kuunika nkhope ndi tochi,
kusankha woti dzina lake lisasowe mawa.
Achemwali anga dzina lawo silinasowe.
Pano ali ndi mwana.
Malo ochitikira nkhani ndikuwadziwa,
ndinasesamo."

Pansi pake wawonjeza, ngati wakumbuka kuti ndi mayeso:
"Komanso pampondachimera si pamene asilikali abwera.
Ndi tsamba 88,
pamene oyandikana nawo anamuthandiza kuzula chake
n'kumubwereka hamala."

Ndatsegula tsamba 88.
Ndaphunzitsa bukuli zaka zisanu,
hamalayo sindinamuone.

Cholembera chofiira chauma m'dzanja.
Ku koleji anatiuza kuti mabuku otere ndi chenjezo,
ng'oma yochenjeza za ng'ona isanafike padooko.
Nanga wowerenga amene mwendo uli kale m'kamwa
umuuza kuti chenjera?
Umuuza kuti ichi ndi chifanifani,
ichi ndi msemphano,
lemba mfundo zitatu ndi zitsanzo?

M'nyumba bambo a Tchale atsokomola.
Khadi langa la ku banki lili m'thumba la malaya awo
chilowereni m'banja.
Nambala yachinsinsi ndinasankha ndine.
Nanenso ndili ndi kiyi wanga, eti.

Sitima siyidutsanso pa Chiromo,
koma njanji zilipo, zikutentha zokha mumdima,
ndipo ndikuganiza za mayi wosoka uja
amene chiswe chinamudyera mathero:
anatsegula chiyani? anamugwira?
Kapena anangokalamba, mpendero ukulemera?
Ana amandifunsa chaka ndi chaka,
ine ndimati sizibwera pamayeso.

Pepala la mayankho silikudziwa Makhanga.
Ndikatsata ilo, Chanazi wapeza ziro.
Ndalemba awiri, ndafufuta.
Ndalemba "Udzandione," ndafufutanso,
poti mawu amenewo anawamvapo kale
kwa munthu wa tochi.

Foni yatsala ndi mphamvu pang'ono.
Pepala lake ndaliika padera, pansi pa mwala,
kuti mphepo ya mbandakucha isaliulutse.
Ndadzuka kukatseka chitseko,
ndaima kanthawi
dzanja lili pa loko,
kumva kulemera kwa thabwa.