Mlonda wa Nyumba Yosagona

Ndimalondera nyumba yopanda mazenera
kunja kwa mzinda wa Querétaro,
pamalo pomwe bambo anga ankadyetsa mbuzi pakati pa khonje.
Mulibe munthu wogonamo.
Muli makina okhaokha, mizeremizere,
akung'ung'udza ngati njuchi zotsekeredwa mumgolo,
ndipo akuti akuganiza.

Chomwe amaganiza usiku wonse sindinafunsepo.
Zanga ndi geti, tochi,
ndi kabuku kolembamo manambala a galimoto.

Lachiwiri lapitali, cha m'ma leveni,
ndinaona kwathu kukuzima kutsidya kwa msewu:
poyamba golosale ya Eufemia,
kenako tchalitchi,
kenako mzere wathu wonse, mdima bii.
Kumbuyo kwanga majenereta anangotsokomola kamodzi,
nyumba ija osaphethira n'komwe.

Ndinaima pageti ndikuwerenga maola ndi zala,
chifukwa m'firiji mwathu muli timabotolo tinayi
ta insulini wa mkazi wanga Casilda,
ndipo mankhwala amenewo sadziwa kudikira.

Atabwera akuluakulu a zipewa zoyera
anati kudzakhala ntchito.
Inalipodi, miyezi khumi ndi inayi
ya simenti ndi zitsulo.
Lero tatsala ine, Nicanor wa masana,
amayi atatu okolopa,
ndi anyamata a mumzinda odziwa mawaya
amene sadya nafe.

Madzi amabwera pa lole Lachisanu, akabwera.
Casilda amatsukira mbale, omwewo n'kukolopera,
otsala n'kuthirira tsabola wake wa m'chitini.
Makinawa akatentha thupi amawaziziritsa msanga.
Mainjiniya akuti samwa ambiri,
akuti chilala n'chakale, mawaya a boma ndi okalamba.
Mwina akunena zoona.
Koma chitsime cha Don Teófilo chinkayankha ukaponyamo mwala.
Tsopano chimangoti zii.

Chondivuta n'chakuti mwana wanga Itzel amawakonda.
Amawafunsa masamu pafoni
iwo n'kumuyankha modekha,
osatopa, osamuseka akalakwa kachitatu.
Chaka chino wakhoza.
Ndingamulande bwanji?

Tsiku lina ndinabwereka foniyo
n'kulemba ndi chala chimodzi:
Kodi ndiwe ukumwa madzi athu?
Yankho linabwera ndisanapume n'komwe,
ndime zinayi zaulemu,
zoti nkhaniyi ili ndi mbali zambiri,
ndipo zikomo chifukwa cha funso labwino.
Ndinaseka mpaka misozi.
Kenako ndinadzifunsa:
ulemu umenewu wamwa makapu angati?

Mlamu wanga Hilario ankayankha mafoni
ku kampani ya inshuwalansi.
Mu Januwale anamuuza kuti apeza mawu ena,
osadwala chimfine, osapempha tchuthi,
osakhala ndi maliro kwawo.
Pano amaotcha chimanga pa siteji ya basi.
Akandiona amakuwa:
Alamu, wolowa m'malo mwanga uja
mukumulondera bwino?

Ndikumulondera bwino.
Malipiro sachedwa.
Ndalama yomweyo ndimagulira makandulo,
madzi a m'zigubu,
ndi mayunitsi a foni ya Itzel.

Magetsi anabwerako cha m'ma folo.
Ndinaona babu la pakhonde pathu
likudzuka lokha, kadontho kachikasu,
agalu n'kuyamba kuuwa ngati kwabwera mlendo.

Kutacha ndinapereka makiyi kwa Nicanor,
ndinapalasa njinga osaima kugula buledi.
Ndinapeza Casilda ali pampando, sanagone.
Timabotolo tija anatikulunga m'nsalu yonyowa
n'kutiika mumtsuko wadothi wa mayi ake,
umene tinkafuna kutaya chaka chatha.

Tikadali tozizira, anatero. Gwira.

Ndinagwira.
Sindinadziwe ngati tinali tozizira
kapena manja anga ndiwo anali otentha.
Ndinangoti inde,
ndinavula nsapato.
Itzel anali atagona, foni ili pachifuwa.
Nditatseka maso
njuchi zija zinali zikulirabe m'makutu mwanga.