DT ya Mayi Nyaluhanga

Anaibweretsa pa wilibala, mawilo paokha, injini m'thumba la feteleza,
Lusekelo, mwana wa mlongo wawo, nati:
"Amakanika, taonani ngati ingadzuke,
ndiziyendera kabaza kuchoka ku Luwinga."

Ndinalavulira pa chala, n'kupukuta thanki.
Pansi pa dzimbiri panatuluka zilembo:
Yamaha, DT, wani-thu-faifi.
Kumanzere kwake, chibowo chopindikira m'kati
chokwana chibakera cha mwana.
Ndinakhala pansi pa tayala.

Chaka chija ankati makompyuta afa pakati pa usiku,
ine ndinali kamnyamata ka masipanala kwa a Msowoya ku Chibavi,
kotsuka mapulagi m'chitini cha petulo,
zala zitauma ndi chisanu cha mu Juni.
Zinkabwera zambiri pamenepo.
AG ya mlangizi wa khofi, yolemera ngati ng'ombe ya bere,
tcheni chake chobisala m'bokosi kuopa matope.
Honda XL ya abusa, yong'ung'udza mwaulemu,
yosasuta, yosatukwana.
Suzuki ya mkulu wa nkhalango ku Chikangawa
inkafika ikununkha utomoni wa paini.
Koma DT inali yamwano.
Unkaimva isanakhote pa Katoto,
njuchi zana zitatsekeredwa m'ndowa,
utsi wabuluu ukuilondola ngati galu,
pamwamba pake Mayi Nyaluhanga, chitenje pamwamba pa buluku,
kumbuyo bokosi la katemera lomanga ndi malegeni.
Nkhungu ikatseka msewu wa ku Usisya iwo ankapita basi.
Ankabwerako madzulo ofiira mpaka m'nsidze.

Tsiku lina anaisiya kuti tisinthe oyilo.
A Msowoya anapita kumaliro.
Kiyi anali pomwepo, akundiyang'ana.
Ndinafika nayo patali bwanji? Pa mjigo pokha.
Giya yachiwiri inanditaya m'ngalande,
thanki n'kupsompsona mwala.

M'mawa mwake bwana atagwira kale lamba,
funso likuzungulira ngati kabawi pa anapiye,
mayi aja anayang'ana bondo langa lotupa,
nayang'ana thanki, nati:
"Ndinagwa nayo ndekha dzana, ku Doroba kukuterera."
Potuluka anandipatsa kabotolo ka mankhwala ofiirira a pabala.
Sananene china. Mpaka lero.

Masabata asanu ndakhala nayo.
Pisitoni ndinaipeza kwa Mataifa, pansi pa mulu wa maloko,
kabureta kwa mdala wina ku Zolozolo
amene ankasungiramo misomali.
Za njinga zatsopanozi, zonyezimira ngati mapepala a switi,
sizilowa, ngakhale uzinyengerere ndi hamala.
Anyamata a kabaza ankadutsa akuseka:
"Adala, mukudzutsa maliro?"

Lachinayi, mvula yowaza ija itangokata,
ndinaponda kiki. Zii.
Kachiwiri, inatsokomola.
Kachisanu ndi chiwiri inatukwana Chibavi yense,
nkhuku zinabalalika, mayi wa mandasi anatseka beseni,
utsi uja unadzuka, n'kundinunkhiza miyendo,
unandizindikira.

Lusekelo akuti azakhali ake shuga anawatenga maso,
amakhala pakhonde ku Chiputula, wailesi pamiyendo.
Ndamuuza: usanakweze munthu wa ndalama
kaidutsitse kaye pamenepo, pang'onopang'ono,
uikoke moto kawiri pa geti.

Wawerenga ndalama, ndamubwezera theka.
Ndiye akusisita thanki, akuti:
"Nanga apa popindikapa, simungawongole?"
Hamala ndili nayo, ndi ntchito ya mphindi khumi.
Ndati ayi, mphwanga,
pamenepo pasiye.