Nambala 4417

Kertu amafika ku labotale ya ku Tartu kudakali mdima
ngakhale wotchi ikuti nthawi yakwana naini.
Nsapato zake zimasiya madzi a chipale pakhomo.

M'firiji muli timabotolo mazana atatu.
Kalikonse kasunga nsonga ya muzu wa paini,
yaifupi kuposa nsidze,
yovala sokosi yoyera imene mtengo sunaluke wokha.
Analuka ndi bowa,
osati kaambulera kaja anthu amatola mu Seputembala,
koma mwiniwake weniweni,
ulusi wosadziwa dzuwa.

Amapera nsongayo mpaka isanduke ufa,
kusungunula, kutsuka, kutsukanso,
mpaka patsale kadontho kooneka ngati kopanda kanthu.
Makina amakatenthetsa, kukaziziritsa, kukatenthetsanso,
maulendo makumi atatu ndi asanu,
kuti kachidutswa kamodzi ka DNA kaswane mamiliyoni,
kunong'ona kukule, kufike pomveka.

Sabata yoyamba kompyuta inayankha mosazengereza:
yisiti.
Kertu anayang'ana zala zake,
nakumbukira buledi wakuda wa m'mawa uja.
Anataya zonse. Anavala magolovesi awiriawiri.

Sabata yachinayi zilembo zinabwera,
A, T, T, G, C,
mzere wautali ngati njanji yopita ku Valga,
ndipo nkhokwe ya mayina inati: ameneyu sitimudziwa.
Anamulembera nambala.

Bambo ake, a Aivar, anagwetsa mitengo m'nkhalango yomweyo
kufikira mawondo atakana.
Madzulo akufunsa, supuni ili m'malere:
"Ndiye ndi bwenzi la mtengo, kapena mbala?"

"Amatenga shuga ku muzu.
Amabweza madzi ndi mchere wa m'nthaka.
Nthawi zina."

"Nthawi zina?"

"Jini ina imadzuka nthaka ikauma,
ina imagona feteleza akachuluka.
Ndimawerenga zodzuka ndi zogona,
koma wangongole ndani pakati pawo
sindinamupeze."

A Aivar akhala chete mpaka supu wazizira.
"Zaka makumi anayi ndinkayeza nkhalango ndi tepi,
kuyang'ana kumwamba, kuona kogwera thunthu.
Ameneyu ndinkamuponda tsiku lililonse
osamupatsa ndi moni yemwe.
Tandilembera nambalayo."

Kertu alemba kuseri kwa lisiti ya mankhwala.

Mu Epulo, chipale chitasanduka matope,
apita onse awiri, pang'onopang'ono, ndodo patsogolo.
Bambo apeza chitsa chimene akuti n'chawo,
chofumbwa, chomera ndere,
ndipo pambali pake tipaini tisanu tofika m'chiuno.
Kertu agwada, akumba ndi mpeni,
atukula kamuzu kovala sokosi yoyera.

"Ndi yemwe uja?"

"Maso sanganene. Masabata atatu."

Atseka kabotolo, alemba tsiku ndi malo.
A Aivar, osafunsidwa,
abwezera dothi m'kadzenjeko ndi nsonga ya ndodo,
kenako alitsendera ndi chidendene,
mopepuka.