Bondo Lachisanu ndi Chiwiri

Kuno ku Onil, m'kachipinda ka pamwamba pa shopu ya buledi,
ndatha miyezi isanu ndi inayi ndikuumba chidole,
mkazi wamsinkhu wa mkono wanga kuyambira pachigongono.
Dzina alibe. Papepala ndi manambala okhaokha:
mutu, chifuwa, chiuno, zidutswa khumi ndi zisanu ndi zinayi
zimene lastiki imodzi iyenera kugwirizanitsa
ngati abale okangana pamaliro.

Nkhope sinandivute. Mphuno ndinaba
kwa mayi wogulitsa matikiti a basi ya ku Alicante,
milomo inabwera yokha usiku wina
chala chitaterereka padongo.
Koma bondo!

Loyamba linapindikira kumbuyo ngati la nkhuku.
Lachiwiri linakana kupinda. Lachitatu linathyoka
ndikungoliyang'ana.
Lachinayi tisalitchule.
Onsewo ali m'chitini cha mabisiketi pansi pa bedi,
miyendo yopanda eni ake,
mphaka amaigwedeza usiku, gobede gobede,
ine n'kudzidzimuka, kuyesa wayamba kuyenda yekha.

Bambo anga, a Vicent, anagwira zaka makumi atatu
kufakitale ya zidole kumunsi kwa msewu,
pamene lero pamaima magalimoto.
Zawo zinali makanda onenepa,
ongodziwa kugona ndi kutsinzina.
Amakwera masitepe akupumira kawiri panjira,
amatola mwendo, kununkhiza utomoni wake,
amvekere, "Ukupikisana ndi Mulungu pa mamilimita awiri."
Akatero amapempha sandipepala.

Lachisanu ndi chiwiri ndinalisema pawiri:
kampira kumtunda, kampira kumunsi,
pakati mphako yodutsa lastiki.
Ndinathira m'chikombole Lachinayi.
Loweruka ndinatsegula, manja ali njenjenje.
Thovu limodzi pakatumba. Ndinalimata.
Ndinakoka lastiki ndi mbedza mpaka chala kuchucha magazi,
ndipo iye anagwada.
Anakhala. Anasanjikiza miyendo
ngati munthu wodikira khofi amene sakuthamangira kulikonse.
Anaima patebulo popanda womugwira
ine ndikuwerenga mpaka makumi anayi.

Koma akapinda, bondo limayasama.
Mpata pululu, mzere wakuda,
chinsinsi chonse pambalambanda.
Ndinajambula siketi yokwekwereza pansi
n'kupita nayo kwa a Empar, atelala
amene anavekapo akwati a m'tauni muno
mpaka maso atayamba kuchita nkhungu.

Anamutembenuza m'manja, kumupinda, kumuwongola,
pepala langa analiyang'ana ngati risiti yabodza.
"Miyezi ingati?"
"Isanu ndi inayi."
"Ndiye uzikwirire ndi nsalu?"
Anakweza diresi lawo pang'ono:
chipsera chachitali ngati pensulo pabondo lamanzere,
pamene madokotala anaikapo chitsulo.
"Langa ndi lachiwiri," anatero, "ndipo ndimavina nalo."
Anatola sizasi. Ndinatsinzina.
Khwee!

Tsopano waima pawindo,
siketi yofiira yolekeza pamwamba pa mawondo,
jekete yaubweya yodulidwa ku khoti yakale ya amayi,
nsapato za gogoda, imodzi imavukabe.
Odutsa amaima ndi buledi wawo m'khwapa,
mwana wina anapinda bondo lake, kuliyang'ana,
kuyang'ananso m'mwamba.
Diso lamanja bambo anapenta okha,
lapenyera pang'ono pambali
ngati wamva wina akumujeda.
Sindinalikonze. Iwonso sanatchule.

Dzanja lake silidutsa m'mkono wa jekete
pokhapokha ndilizule kaye.
Khosi limalira akacheuka.
Mtengo wake sindiudziwa,
ndipo lendi ya mwezi uno ndinalipira theka.
Dzina silinabwerebe.

Pansi ayatsa uvuni, fungo likukwera masitepe.
Ndatsegula tsamba latsopano, ndasongola pensulo,
pamwamba ndalemba liwu limodzi:
chigongono.