Muvi wa Sikelo

Mdima usanatsike paphiri la Michiru
ndili kale pasiteji ya Chilomoni,
yunifolomu yobwereka ili m'jumbo.
Kondakitala akumenya chitseko: "Limbe! Wotsala mmodzi!"
Mmodziyo ndife anayi,
ndi dengu la tomato la eni ake pamiyendo panga.

Ku Bangwe ndimafika fumbi lili m'nsidze.
Amayi adzaza kale mabenchi,
timabuku ta chipatala
tokutidwa ndi mapepala a shuga.
Pakutha pa mwezi sindilandira kanthu.
Yanga ndi kupachika ana pasikelo
n'kuwerenga pamene muvi waima.

Tiyanjane, mwana wa Nachisale:
masabata atatu muvi osasuntha,
chiponde akudya ndithu.
Mayi ake sayang'ana sikelo, amayang'ana ine,
ngati makilowo ndawabisa m'thumba.
A Sisitala Kaliwo anati,
"Lemba zimene waona, osati zimene ukufuna."
Ndinalemba. Bolopeni inalemera.

Masana malata amalira ndi dzuwa la Okutobala,
mpopi umangotsokomola mpweya.
Ndimagawana chipisi cha pachiwaya ndi mlonda
amene amadziwa chifuwa cha aliyense
mwini wake asanalowe pageti.

Lachinayi lino muvi wagwedezeka,
pang'ono chabe, ngati chikope cha munthu wogona.
Magalamu mazana awiri.
Nachisale sanaseke.
Anangomangitsa mbereko,
n'kusiya nthochi ziwiri pabuku langa.

Madzulo minibasi yafera pa Chichiri.
Tonse tatsika kukankha,
Ndirande wafiira ndi utsi kumbaliku,
ine ndikukankha ndi dzanja limodzi,
linali lateteza nthochi.