Mlomo wa Bakha

Zaka zisanu ndi ziwiri ndinkalambalala mpanda
wa chipatala cha ku Ulongwe
ngati muli galu wolusa.
Ndinkakumbuka chitseko chosatsekeka,
anyamata atatu ophunzira ataima kumapazi kwanga
ndi makope awo,
ndi mawu aja: "Tambasula miyendo!
Kwa mwamuna wako umachitanso manyazi?"
Chitsulo chinalowa ngati chisanu cha Juni ku Domwe.
Ndinabwerera pa chapa nditakhalira thako limodzi.
Kunyumba ndinangoti mutu.

Lero magazi osadziwa tsiku andibweza.
Matumba a mbatatesi ndasiyira Zefa pamsika,
ndakhala pabenchi, khadi lanyowa m'manja.

"Mayi Nasiwelo."
Dzina langa lenileni, osati "wotsatira".
Namwino Anatolia, wamfupi, wakampata m'mano,
wakhoma chitseko, loko ndamumva ndekha: kwa!
Pazenera wapachika kapulana yake yomwe,
ya nsomba zobiriwira.
"Kataye madzi kaye, amayi.
Musavule zonse, nsalu yanu ikhale pamaondo."

Ndisanagone wandionetsa chinthucho.
"Uwu timauti mlomo wa bakha.
Ilipo ikuluikulu, wanu ndi waung'onowu."
Wauviika m'madzi ofunda a m'fulasiki
amene anatengera tiyi wake,
n'kuugunditsa pamkono panga kuti ndiumve.
"Ndiyambe? Mukati ndiime, ndiima."

Ine wobereka kasanu,
wogwidwa ndi azamba, ndi mwamuna, ndi ana olimbirana bere,
palibe anandipemphapo
kulowa pakhomo la thupi langa lomwe.
Misozi yatsikira chagada,
yadzaza m'makutu.

"Ndikhudza ntchafu poyamba. Apa. Mwandimva?
Pumani ngati mukuuzira moto wa nkhuni zaziwisi.
Kodi feteleza chaka chino mwagula bwanji?"
Ha, feteleza!
Ndayamba kulalatira wogulitsa wa pa Calomue,
mametikali ake osatha kukwera,
sikelo yake yakuba,
ndipo ndisanafike pa thumba lachiwiri
wati, "Tatha. Valani, tikambirane mutakhala tsonga."

Pali kachilonda pakhomo la chiberekero, wati,
tidzakaonanso Lachinayi.
Wajambula papepala pomwe kali,
kadontho ngati njere ya mawere.
Mantha alipo, ndisaname.
Lachinayi lili patali ngati ku Tete wapansi.

Koma ndatuluka ndikuponda ndi mapazi onse awiri.
Pabenchi pali mtsikana wovala malaya a sukulu,
akufinya khadi lake,
maondo atawamanga pamodzi ngati mtolo.
Ndawerama ngati ndikukonza patapata,
ndamunong'oneza:
"Lowa, mwanawe. Chitseko chimakhomeka.
Chitsulo chake n'chofunda."